Zimene Kafukufuku wa Zachibadwa Akusintha pa Matenda a Khungu

Munthu akayamba mankhwala atsopano, kaya ndi a khunyu, a HIV kapena Bactrim, nthawi zambiri amamwa popanda vuto lalikulu. Koma mwa anthu mazana kapena masauzande olandira mankhwala omwewo, pamapezeka mmodzi wobwerera kuchipatala patatha sabata ziwiri kapena zitatu thupi likutentha, maso atafiira, m'kamwa muli zilonda, khungu likutuluka matuza ndi kusupuka ngati wapsa ndi madzi owira. Matendawa amatchedwa Stevens-Johnson. Khungu losupukalo likapitirira magawo 30 pa 100 a thupi lonse, matendawa amatchedwa toxic epidermal necrolysis, ndipo akafika pamenepa wodwala mmodzi mwa atatu kapena anayi amamwalira.

Kwa zaka zambiri, funso loti n'chifukwa chiyani mankhwala avulaza munthu uyu n'kusiya anzake linalibe yankho. Lero zikudziwika kuti mbali ya yankholo ili m'zimene munthu amatengera kwa makolo ake. Kafukufuku wa zachibadwa wathandiza pa matenda a khungu m'njira zitatu: kudziwa matenda enieni omwe munthu ali nawo, kupewa mankhwala omwe angamuvulaze, ndi kupanga mankhwala olimbana ndi gwero la matendawo. Waonetsanso kuti zopezeka mwa anthu a dera lina sizigwira ntchito nthawi zonse mwa anthu a dera linzake, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri ku Africa.

Majini ndi chiyani

Thupi la munthu linapangidwa ndi maselo, ndipo mkati mwa pafupifupi selo iliyonse muli DNA, yomwe imasunga malangizo a kapangidwe ndi kagwiridwe ntchito ka thupi. Malangizowa analembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zobwerezedwa mosiyanasiyana kufika pafupifupi 3 biliyoni. Kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo opangira puloteni imodzi kamatchedwa jini, ndipo munthu ali ndi majini otere pafupifupi 20,000. Majini ambiri amakhala awiriawiri, ina yochokera kwa mayi, ina kwa bambo. Ntchito yowerenga DNA ya munthu inalengezedwa kuti yatha mu 2003, ndipo kuyambira pamenepo mtengo woyezera majini wakhala ukutsika kwambiri.

Khungu limadalira mapuloteni ambiri. Ena amamata zigawo zake kuti zisasiyane, ena amasunga chinyezi, ena amapanga mtundu wa khungu, ndipo ena ndi a chitetezo cha m'thupi. Zilembo zikasintha pa jini imodzi, puloteni yake ikhoza kusowa kapena kugwira ntchito molakwika, ndipo zotsatira zake zimaoneka ndi maso.

Pofotokozera anthu kumudzi, azaumoyo asamale ndi mawu oti majini, chifukwa m'madera ena mawu omwewa amatanthauza mizimu yogwira munthu. Kunena kuti "zotengera kumtundu" kapena "zochokera kwa makolo onse awiri" kumamveka bwino ndipo sikubweretsa mantha.

Kudziwa matenda enieni

Chitsanzo chodziwika kwa aliyense wogwira ntchito zaumoyo m'Malawi ndi chialubino. Khungu, tsitsi ndi maso zimatenga mtundu wake kuchokera ku melanin, yomwe imatchinjirizanso khungu ku mphamvu ya dzuwa. Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, mtundu wofala kwambiri wa chialubino umachokera pa jini yotchedwa OCA2. M'zaka za m'ma 1990, ofufuza anapeza kuti anthu ambiri achialubino a kum'mwera kwa Africa ali ndi kusintha kofanana: zilembo pafupifupi 2,700 zinachoka pa jiniyi. Kafukufuku wochitika ku Soweto, ku South Africa, anapeza kuti munthu mmodzi mwa 3,900 ndi wachialubino, kutanthauza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 30 amanyamula jini yosinthikayi iye osadziwa, khungu lake lili lakuda ngati la wina aliyense.

Mwana amabadwa wachialubino pokhapokha atalandira jini yosinthika kuchokera kwa mayi ndi inanso kuchokera kwa bambo. Makolo onse awiri akakhala onyamula jiniyi, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi woti mwana akhale wachialubino. Mwayiwu umayambiranso pa mimba iliyonse, choncho banja lina likhoza kukhala ndi ana awiri achialubino motsatana, lina osakhala naye ndi mmodzi yemwe. Kudziwa zimenezi kuli ndi phindu lenileni m'banja. Mayi yemwe akunenedwa kuti anayenda njira, kapena kuti analakwira mwambo ali woyembekezera, amafunika wazaumoyo wotha kufotokozera mwamuna wake ndi apongozi kuti mwanayo watengera mbali zonse ziwiri.

Matenda ena obadwa nawo amasokoneza chifukwa amafanana ndi matenda opatsirana. Khanda lobadwa ndi matuza, kapena lomwe khungu limasupuka likangogwiridwa, likhoza kukhala ndi chindoko chotengera kwa mayi, mabakiteriya a pakhungu, kapena matenda otchedwa epidermolysis bullosa. Awiri oyambawo amachizika ndi mankhwala opha mabakiteriya ndipo ndi omwe ayenera kufufuzidwa msanga. Epidermolysis bullosa ndi yotengera kumtundu, ndipo pali majini oposa 15 omwe angaiyambitse. Vuto likakhala pa majini a keratin, matuza amakhala pamwamba ndipo nthawi zambiri amapola osasiya zipsera. Likakhala pa jini ya COL7A1, yomwe imapanga ulusi womangirira khungu lapamwamba ku lapansi, zilonda zimasiya zipsera, zala zimatha kumatirirana, ndipo munthu akakula amakhala pachiopsezo chachikulu cha khansa ya khungu. Masiku oyamba ana onsewa amaoneka mofanana. Kuyeza jini kumauza dokotala za tsogolo la mwanayo, chisamaliro choyenera, ndi zomwe makolo angayembekezere pa mimba yotsatira.

Kafukufuku wina wakhudza amayi achikuda omwe tsitsi limayamba kuthothoka pakati pa mutu n'kumafalikira m'mbali, khungu n'kusanduka chipsera chosameranso tsitsi. Kale vutoli ankaliika lonse pa mankhwala owongola tsitsi ndi kuluka kokoka kwambiri. Mu 2019, gulu la ofufuza lomwe munali Pulofesa Ncoza Dlova wa ku University of KwaZulu-Natal ku Durban linapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa odwala anayi omwe anayezedwa anali ndi kusintha pa jini ya PADI3, yomwe imathandiza kuumba tsitsi. Kasamalidwe ka tsitsi kali ndi gawo lake, koma mayi yemwe amayi ake kapena achemwali ake ali ndi vutoli ayenera kuonedwa msanga, chipsera chisanakhazikike.

Kupewa mankhwala ovulaza

Pa maselo a munthu pali mapuloteni otchedwa HLA. Ntchito yawo ndi kuonetsa asilikali a m'thupi tizidutswa ta zomwe zili mkati mwa selo, kuti asilikaliwo adziwe ngati mwalowa mdani. Majini a HLA amasiyana kwambiri pakati pa anthu. Mwa anthu ena, mankhwala amamatirira pa puloteni ya HLA mwanjira yopangitsa asilikali kuona maselo a khungu ngati adani, n'kuyamba kuwapha. Umu ndi momwe Stevens-Johnson amayambira mwa odwala ambiri.

Mu 2004, ofufuza a ku Taiwan anayeza odwala 44 omwe anadwala Stevens-Johnson atamwa carbamazepine, mankhwala a khunyu. Onse 44 anali ndi mtundu wa HLA wotchedwa HLA-B*15:02. Pambuyo pake anayeza anthu oposa 4,800 asanayambe mankhwalawa, ndipo opezeka ndi mtunduwu anapatsidwa mankhwala ena. Zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 2011 zinaonetsa kuti panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadwala Stevens-Johnson. Kuyeza kumeneku tsopano ndi mbali ya chithandizo cha masiku onse ku Taiwan.

Zofanana ndi zimenezi zinachitika pa abacavir, mmodzi mwa ma ARV. Mu 2002 zinapezeka kuti odwala okhala ndi HLA-B*57:01 ndi omwe amatentha thupi, kutuluka zidzolo ndi kudwala m'mimba akamwa mankhwalawa, ndipo kafukufuku wamkulu wa mu 2008 anatsimikiza kuti kuyeza munthu asanayambe kumwa kumapewetsa vutoli. Mu 2013, ofufuza a ku China anapeza kuti HLA-B*13:01 ndi yomwe imaika odwala khate pachiopsezo akamwa dapsone.

Malawi ali ndi gawo lake pa nkhaniyi. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, mankhwala oyambira anali ndi nevirapine, yomwe imadziwika ndi zidzolo, ndipo mwa ochepa imayambitsa Stevens-Johnson. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome Trust ndi University of Liverpool anatsatira odwala oposa 1,000 omwe ankayamba mankhwalawa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Mu 2013 anasindikiza zotsatira zoonetsa kuti HLA-C*04:01 imapezeka kwambiri mwa odwala omwe khungu linasupuka.

Komabe zotsatirazi sizinasanduke njira yoyezera odwala onse, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa. HLA-C*04:01 ndi yofala pakati pa anthu a ku Africa, ndipo ambiri mwa omwe ali nayo amamwa nevirapine popanda vuto. Kuyeza aliyense kukanachititsa kuti anthu ochuluka amanidwe mankhwala omwe sakanawavulaza, pofuna kuteteza ochepa. Jini ikhoza kukhala yogwirizana ndi matenda koma osakhala yothandiza posankha chochita pa wodwala mmodzi. Chomwe chinachepetsa vutoli m'dziko muno ndi kusintha kwa mankhwala oyambira, poyamba kupita ku efavirenz, kenako ku dolutegravir kuyambira mu 2019.

Mankhwala olimbana ndi gwero

Jini yoyambitsa matenda ikadziwika, opanga mankhwala amadziwa poloza. Pali mtundu woopsa wa psoriasis womwe umabwera mwadzidzidzi: thupi limatentha, khungu limafiira ndi kudzaza timatuza ta mafinya topanda tizilombo. Mu 2011, ofufuza omwe anaphunzira mabanja asanu ndi anayi a ku Tunisia anapeza kuti odwala m'mabanjawa anali ndi vuto pa jini ya IL36RN. Jiniyi imapanga puloteni yomwe imagwira ntchito ngati buleki, kuletsa kutupa kusapitirire muyeso. Buleki ikaduka, uthenga wa kutupa sulekeza. Patatha zaka 11, mu 2022, dziko la America linavomereza spesolimab, mankhwala otseka khomo lomwe uthengawo umadzera. Mabanja ochepa a kumpoto kwa Africa ndi omwe anathandiza kuonetsa njira ya mankhwala omwe tsopano akugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri.

Pa epidermolysis bullosa, madokotala afika pokonza jini yeniyeniyo. Mu 2015, ku Bochum m'dziko la Germany, mnyamata wa zaka 7 anali atatsala pang'ono kumwalira chifukwa khungu lake lambiri linali litasupuka. Akatswiri a ku Modena ku Italy anatenga kachidutswa ka khungu lake, n'kuika m'maselo ake jini yabwino ya LAMB3, n'kumeretsa khungu latsopano mu labotale. Khungulo analiika pa magawo pafupifupi 80 pa 100 a thupi lake ndipo linagwira. Mu 2023, America inavomereza mankhwala opaka otchedwa Vyjuvek, omwe amagwiritsa ntchito kachilombo kofooketsedwa kunyamula jini ya COL7A1 kupita m'maselo a pachilonda. Mankhwalawa amapakidwa kamodzi pa sabata.

Pa khansa ya khungu yotchedwa melanoma, ofufuza anapeza mu 2002 kuti zotupa zoposa theka zili ndi kusintha pa jini ya BRAF. Kusinthaku kumachitika m'chotupa momwemo, munthu sabadwa nako. Pofika 2011 panali vemurafenib, mankhwala othandiza okhawo omwe chotupa chawo chili ndi kusinthaku, choncho chotupa chimayamba chayezedwa mankhwala asanaperekedwe.

Mankhwala onsewa ndi okwera mtengo kwambiri, ena kufika madola mazana a masauzande pachaka kwa wodwala mmodzi, ndipo sali pa mndandanda wa mankhwala a m'zipatala za boma. Phindu lawo kwa wazaumoyo wa lero ndi loti akuonetsa komwe chithandizo chikulowera, komanso chifukwa chake dzina lolondola la matenda lili lofunika.

Zopezeka kwina sizikwanira

Mu 2006, ofufuza a ku Dundee ku Scotland anapeza kuti kusintha pa jini ya filaggrin kumaika munthu pachiopsezo chachikulu cha eczema, matenda oumitsa khungu ndi kuyabwa omwe ambiri amawatcha chikanga. Filaggrin imathandiza khungu kusunga chinyezi ndi kutseka mipata yomwe fumbi ndi tizilombo tingalowere. Pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi wa ku Ulaya ali ndi kusinthaku. Koma ofufuza atayeza odwala eczema ku Ethiopia mu 2011, ndi odwala achiXhosa ku South Africa mu 2014, kusinthaku kunali kosowa kwambiri kapena kunalibiretu. Odwala achiXhosa anali ndi filaggrin yochepa pakhungu, koma pa zifukwa zina. Chipangizo choyezera chopangidwa potengera odwala a ku Ulaya chikanaonetsa kuti odwalawa alibe vuto.

Melanoma nayo imasiyana. Mwa anthu akuda imakonda kutuluka kuphazi kunsi, m'chikhatho kapena pansi pa chikhadabo, ndipo zotupa za m'malo amenewa zokhala ndi kusintha kwa BRAF ndi zochepa. HLA-B*15:02, yomwe yapulumutsa anthu ku Taiwan, ndi yosowa mwa anthu a ku Africa, pomwe carbamazepine amavulazabe odwala ena kuno. HLA-B*57:01 imapezeka mwa anthu 5 mpaka 8 pa 100 ku Ulaya, koma ndi yochepa kwambiri kum'mwera kwa Sahara.

Gwero la mpatawu ndi loti anthu a ku Africa sanafufuzidwe mokwanira. Kuwerengera komwe kunasindikizidwa mu 2019 kunaonetsa kuti mwa anthu onse olowa m'kafukufuku wamkulu wa majini padziko lonse, 78 pa 100 anali ochokera ku mitundu ya ku Ulaya, ndipo pafupifupi 2 okha pa 100 ndi omwe anali ochokera ku mitundu ya ku Africa. Chonsecho Africa ndi komwe majini a anthu amasiyana kwambiri kuposa kwina kulikonse, popeza mtundu wa anthu unayambira kuno. Ntchito ya H3Africa, yomwe inakhazikitsidwa mu 2010, inawerenga DNA ya anthu 426 a m'mayiko 13 a mu Africa, ndipo mu 2020 inalengeza kuti yapeza malo oposa 3 miliyoni osinthika omwe anali asanalembedwepo.

Zomwe azaumoyo angachite popanda labotale

Choyamba ndi kufunsa za kubanja. Vuto la khungu likakhala loti munthu anabadwa nalo, linayamba ali wamng'ono, kapena silikumva mankhwala a masiku onse, ndi bwino kufunsa ngati makolo, abale, agogo kapena asuweni ali nalo, komanso ngati bambo ndi mayi ali pachibale. Mafunsowa afunsidwe mwaulemu, mosaloza chala mbali imodzi. Matenda ambiri a khungu ofika pachipatala chaching'ono akadali mphere, chipere ndi zilonda za mabakiteriya. Anthu a nyumba imodzi akamakanda onse nthawi imodzi, choyamba kuganizira ndi mphere, osati chibadwa.

Chachiwiri ndi kuzindikira msanga zizindikiro zoopsa za mankhwala. Munthu yemwe wayamba mankhwala atsopano m'sabata zisanu ndi zitatu zapitazo, n'kutuluka zidzolo pamodzi ndi kutentha thupi, kufiira maso, zilonda m'kamwa kapena kumaliseche, kapena kuwawa kwa khungu, ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala okayikiridwawo akasiyidwa msanga, mwayi wopulumuka umakula. Dzina la mankhwalawo lilembedwe moonekera bwino m'buku la kuchipatala la wodwalayo, ndipo iye ndi omusamalira auzidwe kuti asadzamwenso. Fomu yochitira lipoti zotsatira zoipa za mankhwala idzazidwe ndi kutumizidwa, chifukwa malipoti amenewa ndi omwe amathandiza bungwe la PMRA ndi ofufuza kudziwa mankhwala omwe akuvulaza anthu m'dziko muno.

Chachitatu ndi kuteteza anthu achialubino ku khansa ya khungu, yomwe imapha ambiri a iwo akadali achinyamata. Chipewa chachikulu m'mbali, zovala zamanja aatali, mafuta oteteza ku dzuwa ndi kupewa dzuwa la masana ziyambe mwana akadali khanda. Khungu liziunikidwa ndi wazaumoyo miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Malo okhakhala, chotupa, kapena chilonda chomwe chatha mwezi osapola, makamaka kumaso, m'makutu, pakhosi ndi pamikono, chitumizidwe kuchipatala chachikulu osadikira.

Chachinayi ndi kuchotsa manyazi. Chialubino, psoriasis, eczema ndi epidermolysis bullosa sizipatsirana pogwirana chanza, kudyera mbale imodzi kapena kukhala pa desiki imodzi. Mphunzitsi kapena mfumu ikamva zimenezi kuchokera kwa mlangizi wa zaumoyo, mwana amabwerera kusukulu.

Chomaliza ndi kuthandiza anthu kumvetsa kafukufuku akafika m'dera lawo. Kutenga magazi kapena malovu kumabweretsa mafunso, ndipo mafunsowo ndi oyenera. Kafukufuku aliyense wokhudza anthu m'Malawi amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa olowa m'kafukufuku, monga COMREC kapena NHSRC. Munthu ali ndi ufulu wodziwa komwe magazi ake akupita, nthawi yomwe adzasungidwe, omwe adzaone zotsatira, komanso wokana popanda kutaya chithandizo chake. Zotsatira za majini zimakhudza banja lonse, choncho chinsinsi chake chiyenera kusungidwa mosamala kwambiri. Odwala a ku Blantyre omwe anavomera kulowa m'kafukufuku wa nevirapine anapereka chidziwitso chomwe sichikanapezeka ku Taiwan kapena ku Scotland, ndipo mafunso otsala pa carbamazepine, Bactrim, eczema ndi melanoma ya kuphazi adzayankhidwa ndi kafukufuku wochitika mwa anthu omwe akudwala matendawa kuno.